Kapinga wa a Zakeyu

Lolemba, 22 Juni 1998

Wimbledon yayamba. Dzuwa litapendeka ndinanyamula kampando kanga kupita kwa alamu anga a Zakeyu, monga chaka chilichonse. Ndinawapeza pakhonde, manja pamaondo, wailesi ili m'nyumba. Ndinati, "Alamu, kodi wailesi nayonso ndi namfedwa?" Sanaseke. Anangolowa n'kukaitenga.

Chaka choyamba kumvera tenisi popanda mlongo wanga Lonia, mkazi wawo. Anatisiya mu Novembala, mvula itangoyamba. Iye tenisi sankaidziwa ngakhale pang'ono, koma osewera onse ndiye ankawatcha maina, poti achizunguwo ankati amaluma lilime. Wa ku Sweden wosaseka uja anali Chisanu. Mmereka wokangana ndi oweruza, Wolalata. Mkazi wa ku Czech amene a Zakeyu amafera, Wolira. Maina awo enieni tinachita kuiwala dala.

Ndilembe maulosi, anthu asadzakane mawa. Ine Fanwell ndati kwa amuna atenganso Mmereka wofatsa uja, kwa akazi Kamwana ka ku Switzerland kamene kanatenga chaka chatha. A Zakeyu kwa akazi agwira Wolira wawo yemweyo. Kwa amuna ati, "Aliyense."

Aliyense. Mawu amenewa sanandisangalatse. Munthu amene timakangana naye ngakhale za mtundu wa mitambo ya ku London, lero akuti aliyense.

Lachiwiri, 23 Juni

Mvula ya ku London sinasinthe khalidwe, ikugwa ikuleka. Ikagwa, a BBC amayamba kukumba masewero akale, ife nafenso timakumba athu. Ndinaputa dala. Ndinati pa masewero onse a pa udzu palibe oposa a 1980, Chisanu ndi Wolalata, tsiku limene tinaiwala kutsekera mbuzi. Ndinawonjeza kuti Wolalata ndiye anali katswiri, Chisanu anangochita mwayi. Kale mawu amenewa ankawadzutsa pampando. Lero anangoti, "Mwina."

Ife awiri tenisi tinaidziwira ku Fort Jameson, pa kalabu ya azungu, ine ndikunyamula matambula, iwo akusalaza bwalo ndi chigudumu chachitsulo. Bwalolo linali la dothi la pachulu. La udzu sitinalionepo ndi maso mpaka lero, koma mutatimva tikutsutsana za mmene mpira umatererera pa udzu, mungati tinabadwira momwemo. Ndine ndinawatenga pa tchuthi kuti adzaone kwathu kuno kwa Mlolo. Anaona mlongo wanga. Zinazo sanaonenso.

Pobwerera ndinadzera kuseri kwa nyumba yawo kukaona kapinga. Anamudzala mu 1975, chaka chimene munthu wakuda anatenga chikho, kuti andionetse ndi maso kuti pa udzu mpira sudumpha, umathawa. Kamalo kake n'kokwana mphasa ziwiri. Zaka zonsezi akhala akumuthirira m'chilimwe ndi kumeta ndi sizasi, Lonia akuwaseka kuti iye anakwatiwa pamitala ndi udzu. Lero kapingayo wachita chikasu. Kheni yothirira ili chafufumimba pansi pa nkhokwe.

Lachitatu, 24 Juni

Mphepo. Mbuzi ya a Lydia, akazi anga, yabereka awiri. A Zakeyu anagona wailesi ikulankhula.

Lachinayi, 25 Juni

Elinata, mwana woyamba wa Lonia, anandipeza ndikutola thonje lotsalira. Anakhala pansi pamzere n'kuyamba kundithandiza, ndiye ndinadziwa kuti pali nkhani, chifukwa Elinata ndi thonje sagwirizana.

Akuti kumeta kwachiwiri kwa maliro a mayi ake kuchitika Lolemba la pa 6 Julaye, pa holide, kuti a m'tauni apezeke. Izi ndimadziwa, tinapangana limodzi. Chimene sindimadziwa n'chakuti bambo ake atumiza kale mawu kwawo ku Zemba kuti Trywell, mwana wa mlongo wawo, abwere kudzawatenga.

Ndinati, "Apite kukatani ku Zemba? Kumeneko ngakhale agalu sawadziwa."

"Akuti iwo ndi mkamwini. Amene anawasunga pano wapita. Akangosudzulidwa basi, azipita."

"Nanga inu ana simunawaletse?"

"Tawaletsa, amalume. Akuti mawu a ana si mawu. Mwini mbumba ndinu. Tsikulo mukati pitani, apita. Mukati khalani, akhala. Koma akuti inu mwakhala mukuwauza za kwawo chikwatirireni."

Pamenepo sananame. Moni wanga kwa a Zakeyu, chiyambire, ndi wakuti, "Akamwini, simunapitebe kwanu?" Iwo n'kumati, "Ndikudikira mundilipire mtengo wa mlongo wanu, ndamusunga bwino." Lonia n'kumatithamangitsa tonse ndi tsache. Chilamu ndi chomwecho. Kungoti tsache lija palibenso wolinyamula, ndiye moni wanga watsala wokha.

Ndinamuuza Elinata kuti asadere nkhawa, ndikonza mawa. Anandiyang'ana monga amayang'anira thonje.

Lachisanu, 26 Juni

Ndakonza. Ndakonza ngati mmene mbuzi imakonzera dimba.

Mkazi wa ku Germany uja, amene anatenga chikho kambirimbiri, wagonja lero, masewero asanafike n'komwe pakati. A Zakeyu anadzuka pang'ono, maso anawala. Pakati pa iwo ndi Mjeremaniyu pali mlandu wa 1993. Chaka chimenecho pa fainolo ya awiriwa, Wolira ndi Mjeremaniyo, Wolira anali patsogolo 4 kwa 1 mu seti yomaliza, chikho akuchinunkhiza. Nthawi yomweyo ng'ombe za eni zinalowa m'dimba mwa a Zakeyu, iwo n'kuthamangira komweko. Ali kudimba, mkazi uja manja anayamba kunjenjemera, anataya zonse, mpaka analira paphewa pa mayi wa ku banja lachifumu amene amapereka mphoto. Atabwerako a Zakeyu ndinawalandira ndi nkhope ya mkulu wa mpingo, ndinati, "Alamu, wanu uja watenga." Anapha tambala. Tinadya. Zoona anazimva mawa lake, mafupa agalu atatola kale. Mpaka lero ndikakumbuka msuzi wake ndimaseka ndekha m'tchalitchi.

Ndiye lero, poona kuti maso awala, ndinati nthawi yake ndi ino. Ndinakonza kukhosi. Mumtima ndinali ndi mawu awiri okha, alamu khalani. Koma pakamwa panga pali kanjira kachidule kamene mawu amathawirako. Chimene chinatuluka ndi ichi: "Ndamva mukufuna kuthawa. Tiyeni tipangane. Wolira wanu akatenga chikho, mukhala pano. Akalira ngati kale, Trywell akunyamuleni."

Ndinaseka. Ndinaseka ndekha.

Kenaka anati, "Inu mumati mkazi ameneyu sadzatenga chikho mpaka Yesu adzabwere."

"Ndimatero."

"Chabwino. Ndamva, eni mudzi."

Anatembenuka n'kukweza wailesi.

Loweruka, 27 Juni

Ndinawafotokozera a Lydia, ndikuyesa andithandiza kuseka. Anasiya kusankha mtedza.

"Munthu wataya mkazi, inu mukumuuza kuti kukhala kwake kuli m'manja mwa mzungu wonjenjemera?"

Ndinati zinali zocheza, a Zakeyu amandidziwa.

"Amakudziwani, n'chifukwa chake. Inu mukati kwacha, anthu amatuluka kukaona. Tsiku limene mudzafuule kuti nyumba ikupsa, tidzapsera momwemo tikuseka."

Ndinati nanga iwo anandikhulupirira bwanji tsiku limene ndinawafunsira. Anati sanandikhulupirire, anangodabwa kuona ankhoswe afika.

Lamulungu, 28 Juni

Lero ku London sasewera. Potuluka m'tchalitchi ndinawapeza a Zakeyu pa mtengo wa mthethe, pali amuna angapo. Ndinavula chipewa kuti aone kuti ndi zenizeni. Ndinati, "Alamu, zija ndinanena Lachisanu zija, tizisiye. Ine ndikufuna mukhale."

Amuna aja anayamba kuseka ndisanamalize. Wina anati, "Taonani nkhope, akonzanso zotani a Fanwell?" Wina, "A Zakeyu, bisani atambala." Ndinayesa kubwereza, kuseka kunakula. Mapeto ake nanenso ndinaseka, nanga ndikanatani, anthu akuyembekeza.

A Zakeyu anati, "Pangano ndi pangano," n'kutenga ndodo yawo.

Ndakhala ndikuganiza masana onse. Nkhope iyi ndaigwiritsa ntchito molakwika kwa nthawi yaitali. Ya chisoni ndinaithera pa nthabwala, moti ndikaivala lero anthu amayesa chigoba.

Lachiwiri, 30 Juni

Dzulo ndi lero ndalawirira kuchitsime ndi kheni ya a Zakeyu. Msana ukudandaula koma sindinaufunse. Lero ndili pakati pothirira ndinamva kutsokomola kumbuyo. Anali ataima pakona pa nyumba, bulangete paphewa.

"Mukuthirira udzu wa eni?"

Apa ndiye panali pabwino ponena. Panalibe woseka, tinali awiri ndi nkhuku. Ndinati, "Ndikunenepetsera mbuzi zanga. Mukapita zidzadya pano."

Kanjira kachidule kaja.

Anagwedeza mutu n'kulowa m'nyumba. Ndinamaliza kuthirira ndikudzitukwana m'Chingerezi cha ku kalabu.

Wolira akadalimo. Ndayamba kumvetsera dzina lake ngati la mwana wanga pa zotsatira za mayeso.

Lachitatu, 1 Julaye

Wolira wadutsanso, wagonjetsa mtsikana wamtali wa ku America wa mikanda m'tsitsi. Seti zonse ziwiri zinali zothina. Pakamwa ndinkati, "Aa, mwayi chabe, mawa alira." Pansi pa mpando zala zakuphazi zinakumba dzenje.

Ndaona kuti a Zakeyu agawa nkhunda zawo kwa ana a Elinata. Khasu lawo lalitali lija apatsa mwamuna wake. Munthu akutha pang'onopang'ono ngati sopo.

Lachinayi, 2 Julaye

Semifainolo, Wolira ndi Kamwana kanga ka ku Switzerland, komwe kanamulanda chikho chaka chatha. Ndiye kuti ulosi wanga mbali ino, alamu anga mbali inayo.

Kamwana kanayamba bwino, ine ndikuombera m'manja monga mwa udindo. Kenaka Wolira anayamba kuthamangira pa neti. Muulutsi ankangoti wafika pa neti, wafikanso pa neti. A Zakeyu anayamba kulankhula okha, "Eya, pa udzu samadikira mpira kumbuyo, amaupita." Anaiwala kuti ndi namfedwa, anaiwala Zemba, mpaka anandigwira bondo. Ndinati Kamwana kamaona bwalo lonse ngati kali padenga. Anati kuona si kufika. Tinakangana ndithu, mokoma, ngati kale.

Mpira womaliza utagwa, Wolira atapambana, ndinapezeka ndaimirira, chipewa chili m'mwamba.

A Zakeyu anati, "Kodi wagonja si wanu?"

Ndinati, "Linthumbu. Zandilowa m'buluku." Ndinayamba kudzikanda kuti umboni ukwane.

Anayang'ana pansi. Panalibe ngakhale nyerere imodzi. Pakona pa mlomo wawo panagwedezeka.

Kwatsala fainolo, Wolira ndi Mfalansa, Loweruka.

Lachisanu, 3 Julaye

Wailesi yayamba kulankhula ngati munthu wa chifuwa. Ndinapita ku kantini, mabatire kulibe, anyamata anasesa onse chifukwa cha mpira wa miyendo wa ku France. Mudzi wonse uli ku France. Tenisi timamvera anthu awiri, wachitatu anali Lonia.

Tayanika mabatire akale pa lata kuti amwe dzuwa. Ena ndawaluma pang'ono m'mbali ndi mano anga otsalawa. Masewero a amuna tangomva mapeto, kusunga mphamvu. Mmereka wanga wadutsa, akumana ndi Wamkwiyo wa ku Croatia, woswa maraketi uja.

A Lydia afunsa ngati ndalankhula nawo alamu. Ndati Wolira andilankhulira mawa. Ati, "Mwamuna wamkulu, ndevu zoyera, kutuma mzungu."

Loweruka, 4 Julaye

Kunacha ndi mitambo. Mabatire sanamwe kanthu.

Trywell wafika m'mawa pa njinga ya kaliyala yaikulu, zingwe za mphira zili kale pa handulo. Munthu waulemu, wandipatsa moni atagwada. Ndinafuna kumuphwetsera matayala. Ali ndi kawailesi kake ka m'thumba, koma atangomwa madzi anapita nako kwa anyamata kukadikira mpira.

Ife tinakhala pakhonde, mutu wanga ndi wa a Zakeyu kugundana pa wailesi. Seti yoyamba Wolira anatenga. Yachiwiri anatsogola mpaka 5 kwa 4, n'kupatsidwa mipira kuti amalize yekha. Gemu imodzi basi.

Anaitaya.

A Zakeyu anati, "Zayambanso." Mawu a muulutsi anayamba kupita kutali, ngati munthu akulowa m'chitsime. Ndinatulutsa mabatire, kuwapukuta pa buluku, kuwasinthanitsa, kuwaika m'khwapa. Inabwerera pang'ono, tinamva 5 kwa 5, anthu akukuwa. Kenaka zii.

Ndinathamanga, ngati kumeneko n'kuthamanga, kupita kwa anyamata. Mawailesi atatu, onse ali ku France. Ndinapempha kuti atembenuze kamodzi kokha. Anati, "Agogo, mwayambanso," n'kundipatsa mpando kuti ndisiye kusokoneza. Ndinanena kuti moyo wa munthu uli pamenepa. Anaseka mpaka wina anagwa pa benchi.

Dzuwa likulowa ndinakumana ndi Trywell akuchokera kwa amalume akewo. Ndinamufunsa ngati kawailesi kake kananenapo za tenisi. Anayang'ana kumbali, anati sanamve.

Ndinawapeza a Zakeyu akupinda malaya. Anati, "Tonse tikumudziwa, a Fanwell. Akayamba kunjenjemera saleka."

Lamulungu, 5 Julaye

Kutchalitchi sindinapite, Mulungu andikhululukire, amadziwa kumene ndinali. Ndinapalasa njinga mpaka ku boma. Zitunda zija zakula chiyambire pamene ndinazikwera komaliza. Ndinafika kwa Lenard wa sitolo miyendo ikunjenjemera ngati ya Wolira yemwe.

Lenard ali ndi wailesi yaikulu ya batire ya galimoto. Ndinamufunsa za fainolo ya akazi. Anati, "Wa ku Czech uja watenga, anena m'mawa uno. Akuti analiranso, koma kulira kwa chimwemwe." Ndinamuuza abwereze. Anabwereza. Ndinakhala pa thumba la mchere. Anandifunsa ngati ndadwala. Ndinati ayi, ndachira.

Ndinagula mabatire atsopano n'kubwerera, zitunda sindinazione. Ndinafikira kwa a Zakeyu, fumbi mpaka m'makutu.

"Alamu, watenga. Wolira watenga chikho."

Anali akumanga thumba. Sanatembenuke. "Tambala ndilibe, a Fanwell. Ndagawa onse."

"Si za tambala. Ndachokera ku boma, Lenard wamva ndi makutu ake."

"Mu '93 munamvanso ndi makutu anu."

Ndinalumbira pa Baibulo. Anati ndinalumbiranso pa Baibulo chaka chimene ndinawauza kuti boma likugawa njinga kwa akamwini. Zoona, ndinatero. Ndinatulutsa mabatire, ndinati tsegulani mumve nokha, fainolo ya amuna ikuyamba, anenanso za dzulo. Anandionetsa thumba. Wailesi anaikulunga m'bulangete, ili pansi penipeni, pamwamba pali mbale ndi nsapato.

"Ndamanga kale. Sindimasula."

Chiyambire 1975 sitinaphonyepo fainolo ya amuna. Lero tinaiphonya titakhala pakhonde limodzi, mabatire atsopano ali m'manja mwanga. Patapita nthawi anati, "Lonia akanakhalapo akanandiuza ngati mukunama. Iye ankakuonerani khutu lakumanzere." Sindinadziwe kuti khutu langa limandipereka. Zaka zonsezi.

Kunyumba ndinafunsa a Lydia kuti mawa ndikanene chiyani. Anati, "Chimene mukufuna." Ndinati sakhulupirira. Anati, "Ndiye mukachinene osadzitchinjiriza."

Ndakonzabe kanthabwala kamodzi, kuti mwina. Ndidzati mkamwini uyu sitingamubweze, risiti tinataya.

Lolemba, 6 Julaye

Ndilembe bwinobwino.

Anthu anasonkhana pabwalo pa Elinata. Mkulu wa mpingo anapemphera, tinameta pang'ono patsogolo monga mwa mwambo, thobwa linazungulira. Njinga ya Trywell inali itatsamira pa nkhokwe, thumba lomanga kale pa kaliyala, ndodo ya a Zakeyu italowetsedwa m'zingwe.

Trywell analankhulira a ku Zemba. Anati amalume awo anabwera pano ali mnyamata, alima, abereka, aika mkazi wawo m'manda mwaulemu. Tsopano abwera kudzamva mawu a eni mbumba, ngati akuwamasula.

Ndinaimirira. Ndisanatsegule pakamwa, kumbali ya amayi kunayamba kale kuseka kwa pansipansi. Wina anati, "Tiyeni nazo, a Fanwell." Risiti ija inali pa lilime, yokonzeka, ndipo ikanagwira, ndikudziwa.

Ndinayang'ana a Zakeyu. Anakhala pa mphasa, mutu wometedwa, chipewa pa bondo. Kumbuyo kwawo kunali tsache la Lonia litatsamira khoma, lomwe lija la chigwiriro chomanga ndi waya. Sindikudziwa amene analiika pamenepo.

Ndinati, "Alamu."

Basi. Mawu anakana. Pa maliro a Lonia sindinalire, ndinali wothamangathamanga, kuona za bokosi, kuseketsa adzukulu kumanda kuti akumbe msanga. Ndinkayesa zinadutsa. Kani zinangokhala pansi kudikira tsiku la anthu ambiri. Zinabwera zonse, ndi mamina omwe. Ena anayamba kuseka poyesa ndi sewero, kenaka kuseka kuja kunazima kumodzikumodzi.

Chimene ndinanena, akuti, chifukwa ine sindikukumbuka bwino, ndi ichi: "Mlongo wanga wapita. Inu musapite. Nyumba ndi yanu, munda ndi wanu. Mukapita ine ndizikangana ndi ndani?"

A Zakeyu anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira. Anabwera n'kundigwira m'khosi, mutu wanga n'kuuika paphewa pawo, pamaso pa mbumba yonse ndi alendo a ku Zemba. Jekete lawo likununkha utsi ndi sopo wa Lonia. Ndinalinyowetsa.

Anandinong'oneza, "Musalire, a Fanwell. Wolira anamaliza pa tayibuleki, kamasewero kodula mlandu kaja, 7 kwa 2. Sananjenjemere."

Ndinadzutsa mutu. Za 7 kwa 2 ine Lenard sanandiuze.

"Ndinamva Loweruka lomwelo, pa kawailesi ka Trywell, mpira uli pa hafu."

"Ndiye ine zitunda zonse zija?"

"Munaonako boma."

"Nanga bwanji osanena?"

Anati, "Ndikhale pamudzi pa eni chifukwa cha mpira wa mzungu? Ndimafuna ndimve kwa inu."

Kenaka anatembenukira kwa anthu n'kunena mokweza kuti amva mawu a eni mbumba, akhala. Amayi analuluta. Elinata anakhala pansi n'kudziphimba ndi chitenje. Trywell, wabodza waulemu uja, anapita kukamasula zingwe, osandiyang'ana.

A Lydia anandipatsa kansalu kopukutira. Tinabwerera kunyumba. Pakhomo anati, "Khutu silinagwedezeke."

Lachiwiri, 7 Julaye

Dzina lagwira kale. Popita kuchitsime amayi atatu andipatsa moni, "Mwadzuka bwanji, a Wolira?" Ndayankha kuti ndadzuka bwino. Ndilibe mlandu woti ndikasume, ndinalifuna ndekha.

Trywell wabwerera ku Zemba ndi thumba la mtedza pa kaliyala, kuti njinga isapite yopanda kanthu. Nkhunda ana a Elinata akana kubweza.

Ndinawapeza a Zakeyu kuseri kwa nyumba, atagwada pa kapinga ndi sizasi, wailesi ili pa chitsa ndi mabatire anga. Pansi pa chikasu paja payamba kuoneka tobiriwira. Anandiloza kheni ndi chibwano. "Munayamba ndinu, malizani. Mbuzi zanu zikudikira."

Moni wanga wakale uja unafika pakamwa. Ndinaumeza. Ndinati, "Mwadzuka bwanji, alamu?" Anandiyang'ana modabwa, anati ndisawaopseze.

Wailesi yanena kuti Lamulungu Mmereka wanga anatenga, pa maseti asanu, Wamkwiyo wa ku Croatia wagonjanso pa fainolo kachitatu. Ndinati ameneyo ndiye basi, sadzachigwira chikho chimenecho mpaka adzakalambe.

A Zakeyu anaika sizasi pansi. "Mukudziwa chiyani inu za udzu? Munthu woseva ndi dzanja lamanzere chonchija? Adzatenga ameneyo. Lembani m'kabuku kanuko."

Ndinati bodza. Anati tiona. Anadzuka kukatenga kampira kathu ka tenisi kakale kometeka kuti andionetse mmene sevisi yamanzere imathawira pa udzu wonyowa.

Ndalemba.